A Phiri a Mlandu wa Njinga

Kodi mungalote kuti njinga yatsopano ya mayi Filomena a ku Mkanda inagulidwa ndi thukuta la yani?

Yakale anaibwereka a Lameki Phiri, mlonda wa pa esiteti ya fodya, n'kupita nayo ku Zambia. Anabwerako wapansi, akununkha kachasu, akuti njinga yasowa. Mayi Filomena anakasuma, ndipo khoti linagamula kuti a Lameki alipire. Iwo anavomera mwaulemu, koma mvula inagwa n'kukata osapereka ngakhale tambala.

Mayiwo anabwerera kukhoti. Ulendo uno woweruza analamula mwini esiteti kuti mwezi uliwonse azidula gawo la malipiro a Phiriwo n'kutumiza kukhoti. Anamuchenjeza kuti akanyalanyaza, ngongoleyo idzasanduka yake.

Mwini esiteti anachita mantha, nkhaniyo n'kuipereka kwa Cyprian, kalaliki amene anali atangoyamba kumene ntchito. Tsono pa esitetipo anthu saitanana maina, aliyense ndi a Phiri, a Banda kapena a Mbewe. Tsiku lolandira, Cyprian anaima pakhonde n'kufunsa kuti a Phiri a mlandu wa njinga ndi ati.

A Lameki anavula chipewa.

"Bwana, amene sakugona tulo ndi mlandu umenewo ndi awo ali apowo. Afunseni ngati ndikunama."

Analoza a Phiri ena, oyendetsa thirakitala. Cyprian atawafunsa ngati mlanduwo unali wawo, anavomera monyadira, nati akhala akudikira kuti khoti lichitepo kanthu. Cyprian anayamikira mtima wotero, ndipo anayamba kuwadula malipiro tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo mayi Filomena ankapita ku Boma kukalandira ndalama zawo mwezi ndi mwezi. Kunyumba kokha ndiye kunalibe mtendere. Amuna awo anayamba kubwera ndi malipiro operewera, akuti mwina akuwadula chimanga chimene anakongola nthawi ya njala, ndipo kufunsa bwana ankachita manyazi. Mayi sanakhulupirire. Ankati ndalamazo akudya ndi mkazi wina wa ku Kamwendo.

"Taonani a Lameki, chidakwa chenicheni, koma akulipira osaphonya. Nanga inu, bambo a Yankho, zanu zikulowera kuti?"

Ngongole itatha, mayi anagula njinga yobiriwira, n'kudutsa nayo dala pachipata cha esiteti. A Lameki anaiyang'ana uku ndi uku, analiza belu lake, n'kufunsa ngati angaibwereke Loweruka.

A Phiri oyendetsa thirakitala aja anali a Limbani, amuna a mayi Filomena.