Mwini Wake wa Fakitale ya Mabatani

Lolemba la sabata imene fakitale ya mabatani idakwanitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, patangopita masiku awiri chikonzereni denga la chipinda cha misonkhano, nthawi ili cha m'ma naini koloko m'mawa, loya wa kampaniyo, amene antchito onse ankawatchula kuti a Dikiranikaye, adalandira kalata ya masamba khumi ndi anayi yochokera ku kampani ya kutsidya kwa nyanja, imene inkagula pafupifupi batani lililonse lotuluka m'fakitalemo.

Dzina lakuti Dikiranikaye silidali lachipongwe kwenikweni. Loyayo adali munthu wosasaina pepala asanaliwerenge, ndipo powerenga ankayambira kumapeto, pakuti ankati njoka ya m'pangano imagona pa tsamba lomaliza. Aliyense wolowa mu ofesi yawo ndi pepala m'manja ndi liwiro m'miyendo ankamva mawu amodzimodziwo, mpaka mawuwo adasanduka dzina.

Kalatayo idali yaulemu, koma idali ndi mano. M'dziko la ogulawo mudali mutakhazikitsidwa lamulo latsopano lakuti kampani iliyonse idziwe munthu weniweni, wa mphuno ndi makutu, amene ali mwini wa kampani imene ikuchita nayo malonda. Chidindo sankachifuna. Ankafuna dzina la munthuyo, chithunzi cha chiphaso chake, siginecha yake, ndiponso lumbiro la loya lakuti zonsezo ndi zoona. Fomu ya m'kalatamo ikapanda kubwerera kwa iwo pokwana thwelofu koloko Lachisanu, oda ya chaka chamawa ikadapita kwina, ndipo makina a m'fakitale akadakhala chete.

A Dikiranikaye adaona kuti imeneyi ndi ntchito ya mphindi khumi. Mwini fakitale ankadziwika ndi aliyense: adali Bwana Wamkulu, amene chithunzi chawo chidapachikidwa polowera, pa masitepe, ndiponso pamwamba pa sinki. Komabe, mwa chizolowezi chawo, adagwada pa kabati ya pakona, nasuntha fani yakufa, natulutsa faelo imene kampani idalembetsedwera. Adaipukuta fumbi, naitsekula kumapeto. Pa mzere wa mwini wake padali dzina la munthu wamkazi.

Adakwera masitepe atakumbatira faeloyo.

"Amenewo ndi achemwali anga," adatero Bwana Wamkulu, osadzutsa mutu pa nyuzipepala. "Nthawi imeneyo ndinali pa ntchito ina imene sinkalola munthu kukhala ndi bizinesi. Ndinangobwereka dzina."

"Munalibweza, bwana?"

"Dzina salibweza, a loya, si wilibala. Lembani langa pamenepo, tisaine, zipite."

"Dikirani kaye."

"Ndimadziwa."

A Dikiranikaye adakhala pansi, nafotokoza mofatsa. Lamulolo silinkaletsa kuti wolembedwa m'buku akhale wina, mwini wake weniweni akhale wina. Koma pamenepo pankafunika pepala losainidwa ndi wolembedwayo, lovomereza kuti iye adangobwereketsa dzina ndipo sadaikepo kanthu pa kampaniyo. Pepala lotero m'faelomo mudalibe.

"Ndiye lilembeni! Ndisaina ndine. Siginecha ya achemwali ndimaidziwa kuposa eni ake."

"Mawu amenewo sindinawamve, bwana. Kunja kumadutsa thiraki."

Bwana Wamkulu adapinda nyuzipepala. "Chabwino, pitani mukawasainitse. Koma musakawatopetse ndi zofotokoza. Achemwali anga ndi munthu wa singano."

"Ndiyenera kukawawerengera lonse."

"Kodi inu ndinu loya wa ndani?"

"Wa kampani, bwana."

"Kampaniyo ndi ineyo!"

"N'zimene tikufuna kutsimikiza, bwana."

Lachiwiri lidathera kulemba pepalalo. Lidali la ndime zisanu, ndipo loyayo adalilemba m'mawu osavuta, moti iwo omwe adachita nalo manyazi pang'ono. Lachitatu m'mawa adavala jekete, nakwera basi.

Achemwali a bwana adali telala. Shopu yawo idali kachipinda kopapatiza, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi, ndipo munkalowa munthu mmodzi ndi theka. Madiresi adalendewera pa waya kuchoka pa khomo kufika pa windo. Mayiwo adali aang'ono thupi, a imvi, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa. Mlendoyo asanamalize kupereka moni, iwo adali atayang'ana kale pamimba pake.

"Vulani jekete, bambo," adatero, atalavulira mapiniwo m'dzanja. "Batani lapakatilo latsala ndi mawa lokha."

A Dikiranikaye adavula, nakhala pa kampando ka makasitomala, maondo ali pafupi ndi chibwano.

"Ndachokera ku fakitale, mayi. Ndine loya wa kumeneko."

"Ndaona batanili. Ndi lanu lomwe. Mukuona m'bowomu? M'mphepete mwake ndi mwakuthwa ngati lumo. Limadya ulusi. Munthu amasoka lero, pakutha mwezi kasitomala wabwera atagwira malaya pachifuwa, n'kumati telala ndi wosadziwa ntchito. Mwezi uliwonse ndimakaima pa mzere pa shopu ya pa geti panu kukagula, ndipo mwezi uliwonse ndimaponya kalata m'bokosi lanu la madandaulo lija. Amawerenga ndani?"

A Dikiranikaye ankadziwa kuti kiyi wa bokosilo adatayika iwo asanalembedwe ntchito. Adayankha kuti nkhaniyo aifufuza.

Kenaka adatulutsa faelo ndi pepala, nafotokoza za lamulo la kutsidya kwa nyanja, za oda ndi za Lachisanu. Adanenanso, monga ntchito yawo inkafunira, kuti iwo ndi loya wa kampani, osati wa mayiwo, ndipo ngati mayiwo afuna, angathe kupeza loya wawo asanasaine.

"Faeloyo ikuti kampani ndi ya ndani?" adafunsa mayiwo, akuluma ulusi.

"Ikuti ndi yanu, mayi."

"Ndiye ndikapezerenji wina, inu muli pompano?"

Mayiwo adawabwezera jekete, navala magalasi omangidwa ndi kachingwe, nalandira pepalalo. Iwo ankawerenga kuyambira kumayambiriro, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse monga chimayendera pa msoko. Ndime yoyamba adavomera ndi mutu. Yachiwiri ndi yachitatu chimodzimodzi. Pa yachinayi chala chidaima.

"Apa akuti chiyani?"

"Akuti inu simunaikepo kanthu pa kampaniyi, kupatula dzina."

Mayiwo adakwera pa kabenchi, natsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa shelefu. M'chitinimo mudalibe bisiketi. Mudali mazipi akale, choko, ndi mapepala omangidwa ndi lamba wa diresi. Adasankhamo limodzi, lofiirira ndi ukalamba, naliyala pa tebulo la simbi.

"Ili ndi lisiti la makina anga oyamba, opalasa ndi phazi. Ndinawagulitsa kuti mwanayo, abwana anuwo, agule makina ake oyamba odindira mabatani. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkasoka ndi manja, mayunifomu a sukulu yathunthu. Zala izi zikukumbukirabe."

"Simunawafunsepo za kampaniyi chiyambire?"

"Kufunsa chiyani? Anati akufuna dzina, ndinapereka. Anati akufuna makina, ndinapereka. Mlongo wako akamamira sumufunsa lisiti."

"Nanga lisitili, mayi?"

"Ili anandilembera ndi wogula makinawo. Ine sinditaya pepala."

A Dikiranikaye adaliwerenga lisitilo, kuyambira kumapeto. Tsiku lake lidatsogola ndi sabata imodzi pa tsiku limene kampani idalembetsedwa. Adatenga pepala lawo la ndime zisanu lija, nalibweza okha m'chikwama.

"Mwachita bwino," adatero mayiwo. "Sindikadasaina. Mukawauze abwana anuwo abwere. Miyendo ali nayo. Ndinawaphunzitsa kuyenda ndine."

Lachinayi mawu a Bwana Wamkulu adamveka mpaka ku chipinda chopakira katundu, kumene anthu amavala zotseka m'makutu.

"Ndinakutumani kukatenga siginecha, inu mwabwera ndi mbiri yakale! Zaka makumi atatu ndadzuka ndine, ndagona m'fakitale muno ndine, makina ataphulika ndinapsa ndine. Taonani chipsera ichi!"

"Ndachiona, bwana. Fomuyi ilibe malo a chipsera."

"Lembani dzina langa, mulumbire. Akadziwa ndani kutsidya kwa nyanjako?"

"Ine, bwana."

"Inu muli kutsidya kwa nyanja?"

"Ayi, koma siginecha yanga ikakhala ili kumeneko."

"Maloya ndi ambiri m'tauni muno. Pofika mawa ndikhoza kupeza wina."

"Mukhoza, bwana. Naye adzafuna kuona faelo."

"Si onse amawerenga!"

"Zoona. Koma amene analemba masamba khumi ndi anayi aja akuoneka kuti amawerenga. Akapeza kuti buku la boma likunena china, fomu ikunena china, sadzatilemberanso kalata yaulemu."

Bwana Wamkulu adaimirira pa windo nthawi yaitali, akuyang'ana antchito amene ankakweza makatoni m'thiraki. Potsiriza adafunsa, osatembenuka, ngati achemwali awo adaoneka okwiya. Loyayo adayankha kuti adaoneka otanganidwa.

Lachisanu, teni koloko isanakwane, galimoto yaikulu idaima pakhomo pa wometa tsitsi, nitseka theka la msewu. Bwana Wamkulu adalowa m'shopu chammbali. Popeza mudali kampando kamodzi, adakhalapo ndi iwo, ndipo loya adaima pakhomo, faelo ili m'khwapa.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka. Wanenepa, Chimutu."

A Dikiranikaye adayamba kuwerenga mitengo ya kametedwe imene idamatidwa pa khoma la wometa tsitsi.

"Achemwali, pali antchito apa."

"Ameneyo ndi loya wanga. Lankhula."

Bwana Wamkulu adatsokomola. Adayamba ndi zaka zovuta zoyambirira, nadutsa pa chipsera, nafika pa mabanja a antchito amene ankadalira odayo. Mayiwo ankamvetsera akupinda mpendero wa siketi. Atatha mawu, bwanayo adatsitsa liwu.

"Tangonenani chimene mukufuna. Galimoto? Nyumba? Shopu yaikulu, ya magalasi?"

"Ndikufuna mabowo."

"Mabowo?"

"Osalala. Osadya ulusi. Ndakulembera makalata osawerengeka."

"Makalata ati?"

Onse awiri adayang'ana loya, ndipo loyayo adati nkhani ya bokosi ikufufuzidwa.

"Fakitale yakoyo sindikuifuna," adapitiriza mayiwo. "Ndiiika pati m'kachipinda muno? Koma sindisaina kuti sindinaikepo kanthu. Ukanabwera wekha n'kunena kuti achemwali, makina aja ndikukumbuka, mwina tikanakamba zina. Iwe unatuma munthu wa batani lothothoka."

"Makina aja ndikukumbuka, achemwali."

"Wakumbuka Lachisanu."

A Dikiranikaye adayang'ana wotchi, natsekula fomu pa tsamba lachisanu ndi chinayi. Adafotokoza kuti fomuyo ili ndi mizere iwiri: woyamba ndi wa mwini wake, wachiwiri ndi wa munthu amene amayendetsa kampani tsiku ndi tsiku. Mayina awiriwo akalembedwa, lililonse pa mzere wake, iwo akhoza kulumbira mtima uli m'malo.

"Ine pa mzere wachiwiri?" adafunsa bwanayo.

"Pa wachiwiri, bwana."

"Pansi pa achemwali?"

"Ndi mmene munabadwira," adatero mayiwo. "A loya, mwini wake amachita chiyani?"

"Amaitanidwa ku misonkhano, mayi, ndipo akalankhula zimalembedwa."

"Misonkhano imakhala liti?"

"Lolemba lililonse, eyiti koloko. Koma imayamba bwana akafika."

"Iziyamba eyiti koloko. Naini ndimatsekula shopu."

Adatulutsa chiphaso chawo m'chitini cha mabisiketi chija, ndipo wokonza mafoni adachijambula. Kenaka adalandira cholembera, koma sadasaine. Adabwerera pa tsamba loyamba la fomu, naika chala pansi pa mzere woyamba.

"Achemwali, nthawi!" adadandaula Bwana Wamkulu. "A loya, auzeni!"

"Dikirani kaye, bwana," adatero a Dikiranikaye.

Mayiwo adawerenga masamba onse khumi ndi anayi, nafunsa mafunso awiri, nasaina. Mlongo wawo adasaina pansi pake, osawerenga. Loya adalumbira, ndipo fomu idatumizidwa kuchokera pa kompyuta ya wokonza mafoni kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi kuti ikwane thwelofu koloko.

Ogula aja adayankha ndi mzere umodzi wothokoza, ndipo oda idabwera. Lolemba lotsatira msonkhano udayamba eyiti koloko, bokosi la madandaulo lidatsekulidwa ndi hamala, ndipo pakutha kwa mwezi umenewo mabatani a fakitaleyo adayamba kutuluka ndi mabowo osalala.