Mlombwa wa Fabian, Dothi la Selestina

Kuyambira tsiku limene Fabian anakhoma thabwa lomaliza pansi m'nyumba mwawo, mkazi wake Selestina sanalinso yemwe uja. Fabian anali kalipentala wa pamishoni. Zidutswa za mlombwa zotsala pokonza tchalitchi anazipala, kuzilumikiza, n'kuziyala m'chipinda chochezera ngati m'nyumba ya ansembe. M'mudzi monsemo munalibe wina woponda pathabwa m'nyumba mwake, ndipo bamboyo ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma Selestina ndiye anali katswiri wozira. Akazira pansi ndi mtsiro n'kusalaza ndi nkhulungo yake, amayi anzake ankabwera kudzaonera. Tsopano nkhulungoyo inangokhala pawindo ngati mwala wamba, ndipo mtima unkamupweteka. Chomwe chinamutsalira choonetserapo luso linali khoma basi.

Nalo khomalo Fabian analifuna. Anabwera ndi chitini cha penti wobiriwira kwambiri, wotsala ku zitseko za pamishoni.

"Amake Rosaria, za madothi tasiya," anatero. "Alendo akabwela pa Sabata aone kuti muno ni mwa kalipentala."

Alendowo anali akuchimuna, odzakamba za ukwati wa mwana wawo Rosaria. Selestina anangomuleka. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, kungoti mwana wa apayu anali ndi ndevu.

Fabian anapaka khoma limodzi. Penti atauma, m'chipindamo munada bii ngati m'nkhokwe, ndipo mlombwa uja unangosowera mumdimamo. Mnansi wawo Matthias anasuzumira pakhomo n'kufunsa, "Kodi matabwa aja mwacotsamo?"

M'mawa mwake Selestina anatola kachidutswa ka mlombwa, n'kutsikira nako kumtsinje wa Chongwe. Anaika kathabwako pa katondo, koma kufiira kwa dothilo kunakameza. Anakaika pa dothi loyera mbee, kathabwako kanaoneka ngati khala. Pansi pa gombe anapeza dothi lachikasu chotuwirako, lofanana ndi ufa wa mgaiwa. Sanalikhulupirire msanga, chifukwa wozira aliyense amadziwa kuti dothi likakhala lonyowa limanama. Anapaka pang'ono pamwala, n'kukhala pansi kudikira kuti liume. Litauma anayandikizapo kathabwa kaja, ndipo mizere yake yonse inatuluka.

Anazira makoma atatu. Lobiriwira lija sanalikhudze.

Fabian pobwera kuntchito anaima pakhomo nthawi yaitali. Pansi m'chipindamo pankanyezimira mofiirira, mizere ya mlombwa ikuoneka umodzi umodzi, ina imene iye mwini anali ataiiwala. Mbali ya khoma lobiriwira ndiyo inali idakali yakuda.

"Nanga khoma ili?" anafunsa chapansipansi.

"Ilo ni lanu, Atate a Rosaria. Ine sinigwila nchito ya kalipentala. Ndiponso dothi latha."

Fabian sanadikire kuuzidwa. Anapala penti uja mpaka khoma linatsala lambulanda.

Tsiku lotsatira masana, amuna okhala pansi pa mtengo wa mango anaona zachilendo. Selestina ankachokera kumtsinje atangogwira nkhulungo yake m'manja. Pambuyo pake pankabwera kalipentala wa pamishoni, ndowa ya dothi ili pamutu pake mopanda nkhata, matope akutsikira m'khosi.

"A Fabian!" anakuwa Matthias, anzake akufa ndi phwete. "Mwayamba kuzila?"

"Sininafikepo," anayankha Fabian mokweza, kuti aliyense amve. "Nikali kunyamulila mwini nchito."

Selestina anamva, ndipo mtima wake unadzaza ndi kunyada. Sanacheuke. Anangochepetsa ndawala n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, kuti mudzi wonse uonetsetse.