Wailesi ya Pamsomali

Chiperoni chinatsika m'phiri la Michiru, ndipo m'mawa umenewo Chilomoni yense anali m'chifunga, kamvula kakungowaza. Pamwamba pa nyumba yosanjikizana imene inkamangidwa kufupi ndi msika, a Sulaiman ankalandira ndowa ya konkire imene makina ankakweza ndi chingwe. Akasuzumira pansi ankangoona zoyera. Ngakhale Ricky, woyendetsa makinawo, sankaoneka.

Zaka zonse ntchitoyi ankaiyendetsa ndi manja. Chikhatho m'mwamba, kweza. Chibakera, imitsa. Ricky akayang'ana kumbali, likhweru linkamubweza. Koma mwezi umenewo mayi Towela, oyang'anira chitetezo pamalopo, anabweretsa timawailesi tolankhulirana. Anyamata anatitcha ma-ova. A Sulaiman analandira yawo, anaitembenuza, anaizimitsa n'kuipachika pamsomali.

Mayi Towela anakwera m'mawawo, nsapato zili matope okhaokha. Anaona wailesiyo pamsomali. Sanakweze mawu. Anauza a Sulaiman kuti aka kanali kachitatu kuwachenjeza, ndipo Loweruka likafika isanachoke pamenepo, adzawatsitsa kuti azikalondera simenti kustolo.

"Manja anga sanathepo batire," anatero a Sulaiman.

"Nanga lero akuwaona ndani, bambo?"

A Sulaiman anabwerera kundowa yawo. Kustolo kunali kokhala okalamba amene mawondo awakana, ndipo iwo sanadzione choncho. Komanso kulankhula m'kabokosi, aliyense akumva, kunkawachititsa manyazi. Kunyumba ku Ndirande wolankhula anali malemu akazi awo, a Mwantumu. Iwo ndiwo ankalonjera alendo, kukangana ndi ogulitsa makala, ngakhale kuyankha mafunso ofunsidwa amuna awo. Ankakonda kuwaseka kuti mawu akusungawo adzachita chiswe. Chimwalirireni mayiwo, nyumba inangoti zii, ndipo a Sulaiman anazolowera.

Ntchito inapitirira mongoyerekeza. Ricky ankakweza ndowa, akaona kuti yafika ankaimitsa, akamva kugogoda pachitsulo ankatsitsa. Pansanja ya mitengo ya bulugamu, munsi pang'ono mwa a Sulaiman, Shafiq ankapaka pulasitala akuimba. Anali atangokwatira kumene, moti nyimbo sinkamuchoka pakamwa.

Kenako mphepo inakankha ndowa yodzaza ikukwera. Chogwirira chake chinakola mtengo wopingasa umene unanyamula matabwa a Shafiq. Chingwe chinakungika. Nsanja inalira, n'kuyamba kunyamuka mbali imodzi. Shafiq anataya chopakira, n'kukumbatira mzati.

A Sulaiman anakunga chibakera m'mwamba, koma chifunga chinachimeza. Analiza likhweru, koma makina osakanizira konkire anali kubangula. Anatembenuka, anazula wailesi pamsomali, n'kuiyatsa.

Munatuluka mawu a Ricky. Anali atapanikiza batani, akunyogodola Donald wa pageti kuti mayi wogulitsa mandasi uja amamuonjezera limodzi tsiku lililonse, ndiye ukwati ukhale liti. Wailesizo zinali za mmodzimmodzi: wina akagwira batani, enawo amangomvera. A Sulaiman anadina yawo, koma mawu awo sanapite kulikonse. Msomali wina unazuka pansanja.

Anavula chipewa chawo cholimba. Kashedi kamalata kamene Ricky ankayendetseramo makina sankakaona, koma ankadziwa pamene kali. Anachiponya. Chinagwera pamalata ngati bingu, ndipo nthabwala ya Ricky inadukira pakati.

"Ricky. Imitsa."

Makina onse anaima. Kunangotsala kulira kwa chingwe.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Ricky.

"Sulaiman. Tsitsa pang'ono. Pang'ono. Basi."

Ndowa inamasuka, nsanja inakhalanso pansi. A Sulaiman anagona chafufumimba, natambasula dzanja, ndipo Shafiq anakwera n'kukhala pakonkire pambali pawo. Anawathokoza chapansipansi. Mkuluyo anangomusisita paphewa.

Mayi Towela anaimitsa ntchito n'kusonkhanitsa onse pansi pa shedi. Ricky anabwera atanyamula chipewa chija, chitang'aluka pambali. Anavomera yekha kuti wailesi anaisandutsa bwalo la macheza, ndipo anapepesa kwa Shafiq maso ali pansi. Mayiwo ananena kuti kuyambira tsikulo wailesi ndi ya ntchito basi: utchule dzina la amene ukumuitana, unene mawu ako, uchotse chala. Za mandasi zidikire nthawi ya nkhomaliro. Chifunga chikatseka chonchi, ndowa isanyamuke wapamwamba asanalankhule. Atatero anayang'ana a Sulaiman, ndi kunena kuti wailesi yozimitsa ndi wailesi yamacheza n'chimodzimodzi, zonse zikadapha munthu lero.

A Sulaiman anagwedeza mutu movomereza. Anali mawu oona.

Mantha atatsika, Donald anayamba kuseka. Anati iye pageti anadzidzimuka, ankayesa wailesi yagwira siteshoni yakunja, poti mawu amenewo anali asanawamvepo chiyambire ntchito.

"Madala, mawu abwino chonchi mumabisiranji?" anatero Ricky. "Mukanakhala pa wailesi yeniyeni, amayi a ku Ndirande bwenzi akupsereza ndiwo."

"Iwe ukanakhala chete, chipewa changa chikanakhala chamoyo."

Onse anaseka, ngakhale mayi Towela. A Sulaiman anamva kumwetulira kukuwakoka pakamwa, ndipo anakumbukira a Mwantumu. Chiswe chija chinali chisanamalize mawu onse.

Akalipentala anakhoma nsanja mwatsopano, naisuntha kuti italikirane ndi njira ya ndowa. Mayi Towela anapatsa a Sulaiman chipewa china, osatchulanso za kustolo. Masana chifunga chinayamba kupepuka, mwakuti a Sulaiman atakweranso pamwamba ankatha kumuona Ricky bwinobwino, atakweza nkhope kudikira chikhatho monga kale.

A Sulaiman anazula msomali uja n'kuuponya m'thumba. Anakoleka wailesi pachifuwa, anadina batani, nati, "Ricky. Kweza."