Nkhope ya Kuseri kwa Golo

Pepala litangomira m'mankhwala, Wadson anadziwa kuti chithunzicho chalakwika. Goloboyi Lyford, amene anamujambula Loweruka akuuluka kugwira penate pabwalo la ku Balaka, anatuluka ngati utsi. Ooneka bwino anali anthu a kuseri kwa golo.

Chinamulakwitsa ndi kagalasi kowonjezera. Wansembe wina wa ku mishoni, pobwerera kwawo, anamusiyira chigalasi chachitali ngati munsi, pamodzi ndi kagalasi kena komangira pakati pa chigalasicho ndi kamera. Kagalasiko kankakokera zinthu pafupi kawiri, koma kankadya kuwala. Nthawi ya penateyo dzuwa linali litapendeka, m'kamera munada, ndipo Wadson anapotokola chigalasi mongoganizira. Anachipotokola mopitirira pang'ono chabe.

Anayandikiza pepala lija ku getsi lofiira. Pakati pa anthuwo panali mwamuna wovala chipewa cha mlaza, manja ali m'mwamba, pakamwa pali yasa. Chipsera cha pachibwano chinkachita kuoneka ngati waima pakhomo. Anali Samson, bambo wa Lyford, mlongo wake wa Ethel, mkazi wa Wadson. Zaka zitatu m'mbuyomo anamutenthera nyumba ku Kalembo chifukwa chokana kugula khadi la chipani, iye n'kuthawira ku Mozambique. Ambiri ankati anafera komweko.

Wadson anaitana Ethel. Mayiyo anayang'ana chithunzicho osadabwa ngakhale pang'ono, kenaka anaulula motsitsa mawu kuti achimwene ake akubisala kwa azakhali ku Nsamala. Anangobwera kudzaona mwana akusewera kamodzi kokha, ndipo abwerera Lachinayi.

"Ndiye ine osandiuza?"

"Ndimati mukajambula mpira, a Wadson. Sindimadziwa kuti mujambula ndi anthu omwe."

Panja panaima galimoto. Wadson anadula kachidutswa ka filimu kokhala ndi chithunzicho ndi sizasi, n'kukafumbatitsa Ethel pamodzi ndi pepala lonyowalo. Ethel anatulukira khomo la kuseri.

A Goliati, tcheyamani wa chipani amenenso anali mwini timu, analowa osaodira, anyamata awiri ali pambuyo. Anayendera zithunzi zimene zinali kuuma pachingwe, akuseka miyendo ya osewera, akunena kuti mphunzitsi wa timu watuluka ngati mbuzi yovumbwa. Atafika kumapeto kwa chingwe anafunsa cha penate. Iwo anali ataima pafupi ndi Wadson pabwalo paja, ndipo anamva kamera ikulira.

Wadson anafotokoza za kagalasi kodya kuwala, nati chithunzicho chinada, anataya.

"Chigalasi chonse chija, chimene mumatiuza kuti chimaona nsabwe pamutu pa goloboyi?" A Goliati anatenga filimu, n'kuiunika pawindo, chala chikuyenda pa timanambala ta m'mphepete. Chalacho chinaima. "Apa mwadula, akulu. Chakuda amadula ndi sizasi?"

"Chinangonditopetsa kuchiona, bwana."

Mmodzi wa anyamata aja anaseka, koma a Goliati sanaseke. Anati kunamveka mphekesera yoti tsiku lija pabwalo panali alendo osaitanidwa. Anatinso munthu wokhala ndi chigalasi choona patali chotero, n'kumabisanso zimene chaona, ndiye kuti alipo amene amamujambulira kunja kwa dziko lino. Anamupatsa mwayi: abweretse kachidutswako, nkhani ithere pompo.

Wadson anayang'ana kamera ili pathebulo. Anaganiza za Lachinayi. Tsikulo linali Lolemba.

"Ndinataya," anatero.

A Goliati anatola kagalasi kaja, anasuzumiramo ndi diso limodzi, n'kukaponya m'thumba la jekete. Anyamata ananyamula kamera ndi chigalasi. Anamuuza Wadson kuti avale nsapato, za chigalasichi akafotokozera akuluakulu ku boma, ku Kasupe. Aliyense ku Balaka ankadziwa kuti opita kukafotokoza, anzawo amakolola iwo asanabwerere.

Panja anthu a pasiteshoni anayang'ana kumbali, wina akudzipatsa ntchito yomanga thumba lomanga kale. Ethel anali pambali pa nyumba atagwada pa mbaula, akukupiza moto ndi mbale, pamoto popanda mphika. Sanadzutse mutu.

Pokwera galimoto Wadson anamva kafungo kowawa ka filimu yopsa. Anakhala pansi pakati pa anyamata aja, n'kuyamba kuwerenga mumtima masiku atatu amene anayenera kukhala chete.