Ntchafu Yopserera

Mafuta anali atayamba kugwirana m'mbale chifukwa cha kuzizira, koma panalibe amene anadzuka kukachotsa patebulo. Achimwene anamasula lamba n'kudzigwetsa pasofa. Alamu anakokera mbaula ya magetsi kumapazi awo, ana n'kufunda bulangete limodzi patsogolo pa kanema. Mzime, wotsiriza kubadwa m'nyumbamo, anakhala pafupi ndi zenera atapinda manja.

Amayi anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Phwando la tchuthi cha nyengo yozizira silinalephereke, poti amayiwo anali atagula kale zonse asanagwe mwadzidzidzi pakhonde, ndipo bambo anati chakudya chisawonongeke. Amene anaphika ndi Mzime. Palibe anamupempha. Anangoona maso onse ali pa iye.

"Waphika ngati amayi ndithu," anatero achimwene akutokosa m'mano. "N'chifukwa chake taganiza kuti iweyo utsale ndi bambo."

"Mwaganiza ndi ndani?"

"Ine ndi alamu akowa."

"Mlandu mwaweruza mwini wake ali kukhitchini?"

"Usayambe, iwe. Ine ndili ndi ofesi. Zako n'zoluka tsitsi, ndipo mitu ili paliponse."

"Ku saluni andisungira malo mpaka mawa. Ndikapanda kuoneka, alowetsapo wina."

"Amayi anasamala nyumba ino moyo wawo wonse osang'ung'udza, iwe ukulirira zipeso?"

Alamu analowererapo ndi mawu awo ofewa aja. "Taganizirani, alamu. Bambowa sadziwa ngakhale pokhala sopo. Atha kugona ndi njala firiji ili thoo."

Bambo anali pomwepo, ndipo ankakambidwa ngati kabati yosowa poyiika. Anagwira mawondo, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Ndikagoneko pang'ono," anatero, n'kulowera kuchipinda.

Chaka chilichonse zinkatero. Phwando likatha bambo ankakagona, amayi n'kututa mbale, n'kudzitsekera m'khitchini. Aliyense wofuna kuthandiza ankam'bweza pakhomo: "Kapumeni, manja ndili nawo." Akamatuluka, mbale zili mbee, nyumba yonse inkawatamanda.

Mzime anayang'ana tebulo lija. Anadziwa kuti akangonyamula mbale imodzi, wavomera zonse, ndipo adzakalambira pasinki. Anakhalira manja ake. Alamu anatseka maso ngati akupemphera. Achimwene anayamba kuliza mkonono wa munthu amene sanagone. Mbale zinangokhala.

Kenako kukhitchini kunagwa chivindikiro cha poto.

Mzime anadzuka poganiza kuti ndi mphaka. Atakankha chitseko anapeza bambo ali pasinki, malaya atapinda mpaka m'zigongono, epuloni ya amayi ili m'chiuno. Anali atazungulira kukhomo lakuseri, ndipo nsapato zawo zinali zonyowa. Ankakwecha poto mofulumira, akumuzunguza ndi dzanja limodzi ngati munthu amene ntchitoyo anaizolowera kalekale.

"Tseka chitseko," ananong'ona.

"Ababa, mukutani?"

"Ukuona ngati ndikumeta?"

"Munayamba liti?"

"Achimwene akowo asanamere mano." Anatsukuluza potoyo n'kumuvundikira pathandala. "Amayi ako ankadana ndi madzi a mbale kuposa matenda. Ankakhala apo." Analoza ndi chibwano kampando kokhala kuseri kwa chitseko, ndowa yovundikira ili patsogolo pake. "Mapazi pandowa, kumandiuza pamene ndasiya mafuta."

"Ndiye n'kumatuluka akupukuta manja, ife n'kumawomba m'manja?"

"Ankakonda kutamandidwa. Ine sindinkasowa kanthu."

Mzime anakweza mawu. "Inu simunkasowa kanthu. Nanga ine? Mwalera mwamuna wamkulu uja akukhulupirira kuti mkazi amabadwa ndi siponji m'manja. Lero akufuna andikhomere pano m'dzina la amayi amene sanakweche poto ndi kamodzi komwe!"

Bambo anasiya madzi akutuluka pampopi. Anayang'ana thovu m'manja mwawo nthawi yaitali.

"Amayi ako ankati abale anga akamva adzati anandidyetsa mankhwala," anatero. "Tinabisira abale. Sitinaganize za ana."

Anatseka mpopi, n'kupukuta manja paepuloni. Anatsegula uvuni, n'kutulutsa kambale kovindikira. Munali ntchafu ya nkhuku, yonenepa, khungu lili lofiirira bwino. Pamenepo Mzime anakumbukira kuti wodula nkhuku anali bambo nthawi zonse, ndipo chaka ndi chaka amayi ankalengeza patebulo, nkhope ili yachisoni, kuti ntchafu inayo yapserera.

"Dzanja lachita lokha," anatero bambo. "Ndazindikira nditabisa kale."

Anaima ndi kambaleko osadziwa kokapereka. Mzime anakalandira. Sanatseke chitseko. Anachikankha mpaka chinagunda khoma, n'kukhala pakampando kaja.

"Achimwene! Bweretsani mbale kuno!"

Mkonono unaduka. "Wati chiyani?"

"Bambo akuzidikira."

Panapita kanthawi. Kenako achimwene anatulukira pakhomo chimanjamanja, lamba ali lende, m'kamwa muli mawu okalipa. Anaona epuloni. Anaona mapoto atandandalikidwa bwinobwino pathandala, ndi mlongo wawo atakhala pansi ndi nyama. Mawu aja anabwerera.

"Ababa, asiyeni, atsuka ndi..."

"Atsuka ndi ndani?" anafunsa bambo osatembenuka. "Katenge mbale. Uyambe ndi matambula, mafuta asawagwire. Chopukutira chili pamsomali. Mlongo wako akukwera basi ya m'mawa."

Achimwene anapita. Kubalaza kunamveka mbale zikugundana mosadziwa kusanja, alamu akufunsa chimene chachitika, osayankhidwa.

Mzime anatenga foloko, n'kuyamba kudula nyamayo mwaulemu. Bambo anamuyang'ana cham'mbali, n'kupukusa mutu. Anamulanda folokoyo n'kuiponya m'madzi, kenako anakankhira ndowa ija ndi phazi mpaka inamugunda m'miyendo.

"Amayi ako sankadya choncho," anatero.

Mzime anakweza mapazi. Anagwira ntchafuyo ndi manja onse awiri, mafuta akutsikira m'zala. Atamaliza nyama analuma fupa mpaka linasweka, ndipo bambo, atamva kulira kwake, anatsegulanso mpopi.