Ndondocha ya ku Malaga

Matikiti aja anabwera nawo ndi mayi Annastazia. Kuntchito kwawo, kunyumba yosamalira okalamba ku Cannington, kunachitika mayere a Khirisimasi. Anzawo anapata mabokosi a chokoleti, iwo n'kupata matikiti anayi a masewera owombera mazombi, anthu ovala ngati mitembo yoyenda, ku Malaga, dera lina la mumzinda wa Perth.

"Alamu, Loweruka mupita," anatero. Sikunali kufunsa.

A Maclean anangovomera ndi mutu. Chimwalirireni akazi awo zaka zinayi zapitazo, anali ataphunzira kuti kukangana ndi mng'ono wa malemuyo n'kungotaya malovu. Mayi Annastazia ndiwo analowa m'malo mwa mayi kwa Philomena, mwana mmodzi yekhayo wa a Maclean, ndipo nkhani ya chinkhoswe chake inali m'manja mwawo. Malire anali otseka chifukwa cha kolona, choncho amalume a mtsikanayo ku Dedza anati iwo angomvera zimene anene mlongo wawo wa ku Perth. Lamlungu lotsatira Loweruka limenelo, mayiwo ankayenera kuimba foni kunena ngati mnyamata uja, Lenard, alandiridwe kapena abwezedwe.

A Maclean mnyamatayo ankamukonda. Koma mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlamu wawoyo anali atanena kale kawiri konse kuti, "Ine munthu wabodza ndi munthu wa ntchito zosadziwika, ayi."

Tikiti yachinayi inali ya Lenard, koma iye anapepesa. Anati Loweruka lililonse amakhala ku labotale ya kuyunivesite, kuyeza dothi.

Malowo anali chishedi chachikulu pakati pa okonza mafiriji ndi ogulitsa matailosi. Kunja dzuwa la Januwale linkawotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Pakhomo mayi wina wachizungu anawauza kuti ajambule kachizindikiro ndi foni, apake mankhwala m'manja, masiki asavule. Kenako anawaveka majekete olemera n'kuwapatsa mfuti zapulasitiki zotulutsa kuwala kofiira. Malamulo anali atatu: zombi ukaiwombera pachifuwa imagwa, kuikhudza n'koletsedwa, nayonso siyandikira kupitirira mita imodzi ndi theka.

"Ndiye kuti ngakhale ndondocha zikuopa kolona?" anafunsa mayi Annastazia. Kuyambira pamenepo dzina lazo linali lomwelo.

Chitseko chinatsekedwa. M'katimo munali mdima, utsi ndi fungo la mphira. Ndondocha yoyamba itatulukira kuseri kwa galimoto yakutha, ikubuula, mayi Annastazia anakuwa "Yesu wanga!" n'kuwombera denga, khoma ndi msana wa Philomena. Yachiwiri anailasa pachifuwa. Pofika yachisanu anali patsogolo pa onse, duku litapendekeka, akuitana ngati munthu woitana nkhuku. "Bwerani, bwerani kuno, afiti inu!"

A Maclean ankabwera m'mbuyo, mfuti atailozetsa pansi ngati ambulera yopinda. Philomena anawakalipira m'Chingerezi chake cha kuno kuti adadi, womberani, tikuluza.

"Sanandilakwire," anatero iwo.

Anafika pa kanjira kopanikiza, mafiriji akale mbali zonse. Kutsogolo kunatulukira ndondocha yaitali, malaya ong'ambika, nkhope yamphira yobiriwira, diso limodzi likulendewera pa tsaya. Inkabwera ikukoka mwendo, ikubangula bwino kuposa zinzake zonse. Mayi Annastazia anadzutsa mfuti. "Iwe, ndiwe wanga!"

Kubangula kuja kunadukira pakhosi.

Ndondocha ija inaima. Kenako inabwerera chafutambuyo, n'kudziphatika ku firiji, n'kunjuta pansi. Nkhope inayang'ana kumbali, manja n'kuwaphatikiza pamodzi, ndipo a Maclean anamva ndithu kuwomba kwapansipansi, kawiri. Njira yonse inasiyira mayi Annastazia.

A Maclean anatseka maso pang'ono. Mu Perth monse munali mnyamata mmodzi yekha amene ankapatuka chotero akakumana ndi mayi Annastazia, kaya n'kutchalitchi, kaya pa siteshoni. Anali ataleredwa kuti mkamwini sapingasa njira ya apongozi, ndipo miyendo yake inakumbukira mutu usanaganize. Dothi limene ankayeza Loweruka linali la pansi pa shedi imeneyi.

Mfuti ya mayi Annastazia inatsika pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "ndondocha iyi ndi ya kwathu."

Philomena anali atagwira pakamwa pamwamba pa masiki. Zinkaoneka kuti nayenso samadziwa.

"Iwe," mayiwo anawerama. "Ndiwe mwana wa ndani? Tavula chinkhopecho."

Ndondocha inayesa kubuula, koma kunatuluka kamawu ngati ka mbuzi yodwala. Mayi Annastazia anatambasula dzanja kuti achikoke okha.

A Maclean anameta kudambwe ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, asanalowe mpingo, asanadziwe kuti kunja kuno kuli dziko lotchedwa Australia. Zambiri za kumeneko anaziiwala, koma chimodzi chinatsala. Analowa pakati, n'kuima.

"Chilombo sichivulidwa."

"Alamu, uyu si gule. Ndi munthu wavala mphira."

"Chavala. Sichivulidwa."

Anapisa m'thumba n'kupeza kandalama kachitsulo kamene ankatsegulira kangolo koikamo zogula kusitolo. Anakaponya pansi patsogolo pa ndondocha ija monga amasupira gule pabwalo. Atatero anadzutsa mfuti, koyamba tsiku limenelo, n'kuiwombera pachifuwa penipeni. Jekete la ndondocha linathwanima. Inagwa chafufumimba, ndipo a Maclean sanaonepo wakufa wothokoza chotero.

"Yafa," anatero. "Tiyeni."

Belu linalira, mawu a mzungu uja n'kumveka pa chimkuzamawu kuti gulu lipite chipinda chotsatira. Mayi Annastazia anadutsa, koma anatembenuka kawiri.

M'galimoto pobwerera kwawo ku Balga, atafika pa maloboti achitatu, mayi Annastazia anatembenukira a Maclean.

"Alamu, munaidziwa ndondocha ija."

"Chilombo chilibe dzina."

"Philomena?"

Philomena anayankha m'Chingerezi kuti iye akuyendetsa galimoto, asamusokoneze.

Lamlungu masana Lenard anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha, atanyamula thumba la mango. A Maclean anali pakhonde. Mnyamatayo anagwada n'kupereka moni, ndipo mosayang'ana anawaikira kandalama kaja pa mkono wa mpando. A Maclean anakabweza m'thumba. Anaona kuti kuseri kwa khutu la mnyamatayo kunatsalira utoto wobiriwira. Anaganiza zomuuza. Sanamuuze.

"Bambo," Lenard ananong'ona, "ntchito yanga yophunzitsa kuyunivesite inatha chaka chatha, ophunzira akunja atasiya kubwera. Ndimati ndikapeza ina ndidzanena."

"Lowa."

M'kanjira kopita kuchipinda chochezera anakumana ndi mayi Annastazia akuchokera kukhitchini, foni ili m'manja. Lenard anabwerera chafutambuyo, n'kudziphatika kukhoma, n'kunjuta, nkhope kumbali. Khutu lobiriwira lija ndi limene linayang'ana apongozi.

Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali.

"A Lenard, dothi la kuyunivesite likuyezeka?"

"Amayi, ndinanama."

"Ndakufunsa zimenezo? Imirira. Tabuula."

"Amayi?"

"Ubuule ngati dzulo. Ndi mwendo womwe."

Lenard anayang'ana a Maclean, koma iwo anali akuwerenga kalendala ya pakhoma. Ndiye mnyamata wophunzira za dothi, atavala jekete lake la kutchalitchi, anayenda kanjira konse ka nyumba ya ku Balga akukoka mwendo, akubangula. Philomena anathawira kubafa, kuseka kwake kukumveka kudutsa chitseko. Mayi Annastazia nkhope inali gwa, ngati akuyesa mbuzi pamsika.

Kenako anadina foni. Inalira kanthawi, ku Dedza n'kuyankha.

"Achimwene, mwadzuka? Nkhani ya mnyamata uja." Maso awo anali pa Lenard amene thukuta linkatsika m'khosi. "Bodza ali nalo, koma ndi laling'ono, ndithana nalo ndekha. Ntchito ali nayo, musandifunse kuti yotani. Koma ulemu, achimwene! Mwanayu ngakhale atafa amapatukira apongozi. Mulandireni."

Atadula foni analoza Lenard ndi chala.

"Loweruka likubwerali ndibweranso ndi amayi a kwaya. Tikiti ija yatsala. Ukadzandiona usadzanjutenso, wamva? Ndikufuna ndidzakuwombere ndekha. Alamu anandilanda."

A Maclean anatenga bango limodzi m'thumba muja, n'kubwerera pakhonde kukafuna mpeni.