Disitiribyuta ya Shigeharu

Ine Genzo Kuramochi ndakhala makaniko zaka makumi anayi kuno ku Shibukawa, ndipo vuto langa ndi limodzi: sinditha kuona chinthu chopotoka n'kuchisiya. Anthu amati ndi luso. Ine lero ndimati ndi matenda.

Mnzanga Shigeharu anali ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, ka 1969. Kankathamanga bwino, koma akamatsika phiri lolowera kwawo n'kuchotsa phazi pa moto, ekizozi inkaphulika: pha! pha-pha! Agalu a dera lonse ankayankha. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Disitiribyuta yake, chija chimagawira moto ku mapulagi, inali ya magalimoto otumizidwa kunja, imene anaitola kwinakwake kalekale. Yamtunduwo imachedwetsa moto ukangochotsa phazi, petulo amatuluka asanapse yense, n'kukaphulikira mu ekizozi yotentha. Ya kuno kwathu sichita zimenezo.

"Galimoto yakoyi ikuphwisa ngati nkhalamba yokhuta mbatata," ndinkamuuza. "Undipatse ola limodzi lokha."

"Manja oyabwawo uike m'thumba, Genzo," ankayankha akuseka. "Mbatatayo unagula ndiwe?"

Ndinkangoti ndi makani a ukalamba. Disitiribyuta yoyenera ndinaigula ndekha, ndipo inakhala m'bokosi pa shelefu zaka khumi ndi ziwiri, kudikira tsiku limene adzagonje.

Sanagonje. Anamwalira mu Okutobala, mtima unangoima ali m'munda wake wa kabichi. Patapita mwezi ndi theka, mkazi wake Hisae anabwera ku galaja kwanga atanyamula makiyi m'kansalu.

"Alamu, Loweruka likubwerali ndi tsiku la makumi anayi ndi asanu ndi anayi chimwalirireni mwamuna wanga, tsiku limene mzimu wake unyamuke," anatero. "Galimoto ija yakana kulira. Muidzutse, ndipo wansembe akamaliza mapemphero mudzatsike nayo phiri lija kamodzi, ine ndili pageti. Lolemba akubwera amene waigula, ndipo ine ndikusamukira kwa mwana wanga ku Sendai."

"Musadandaule, alamu. Idzabwera ili bwino kuposa kale."

Mawu amenewo ndi amene anandiwononga. Galimotoyo inalibe vuto lenileni: batire inali itatha, petulo atakhalitsa. Masana a tsiku lomwelo inali ikulira. Koma ife amakaniko akale tinaphunzitsidwa kuti chinthu cha munthu suchibweza monga unachilandirira, makamaka cha womwalira. Ndinaona kuti iyi ndi mphatso yanga yomaliza kwa mnzanga. Ndinatsitsa bokosi lija pa shelefu, ndinazula disitiribyuta yakale n'kuiponya mu diramu la zitsulo zakutha. Lachinayi, lole ya zitsulo inadutsa n'kutenga zonse za m'diramumo monga imachitira sabata iliyonse. Injini inkalira mosalala, ndipo kunena zoona ndinanyada.

Loweruka kunali mphepo yozizira yochokera kumapiri. Titamaliza kufukiza zonunkhira, ndinakwera pamwamba pa phiri, ndinatembenuza galimoto n'kuyamba kutsika. Pa khona la kachisi ndinachotsa phazi pa moto. Zii. Ndinafika pageti bwinobwino, osadzutsa ngakhale galu mmodzi.

Hisae anali ataima pamenepo atavala kimono, mkanjo wakuda wamaliro, chithunzi cha mwamuna wake atachigwira pachifuwa. Achibale anali kumbuyo kwake. Iye sanandiyang'ane. Maso ake anali akadali kuphiri, ngati kuti galimoto ina ikubwera.

"Munazimitsa injini potsika, alamu?" anafunsa.

"Ayi. Ndakonza phokoso lija. Linali vuto la disitiribyuta."

"Vuto?" anatero Hisae. "Ankachita dala, alamu. Akafika pa khona la kachisi ankachotsa phazi kuti ndimve, ine n'kuika ketulo pamoto. Akamalowa, tiyi wapsa. Zaka makumi anayi ndi zinayi. Ndimafuna ndimve kamodzi kokha, asananyamuke."

Ndinatsegula boneti pomwepo, suti yamaliro ili m'thupi, ndinamasula bawuti n'kupotoza disitiribyuta yatsopanoyo kuti moto uzichedwa. Ndinakweranso phiri galimoto ikukoka mwaulesi. Potsika, pa khona lija, inatulutsa liwu limodzi lolemera: bhu! Kenako inatsokomola n'kuzima, ndipo ndinafika pageti ikungogubuduka.

Mchimwene wake wa malemu anaseka pang'ono, kenako anachita manyazi. Hisae anawerama mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo unandipweteka kuposa khofi.

"Zikomo, alamu, mwavutika. Koma ameneyo si iye."

"Ndipita kwa a zitsulo lero lomwe. Mwina disitiribyuta yakale ija sanaiphwanye."

"Shigeharu akhala atanyamuka kale," anatero. "Lowani mudye, mpunga ukuzizira."

Kwa a zitsulo ndinapitabe madzulo ake. Anandilozera mulu wophwanyidwa kale, wotalika kuposa denga la galaja langa. Lolemba wogula uja anabwera, anamvetsera injini n'kundigwira chanza, akuti sanaonepo galimoto yakale yosamalidwa chonchi. Ndinalakalaka kumuponyera sipanala.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere si chimenecho. Tsiku la mapemphero lija, nditavula nsapato pakhomo, ndinasuzumira m'khitchini. Ketulo inali pambali pa chitofu, yodzaza kale madzi, ndipo pa thireyi panali makapu awiri. Hisae anainyamula, anakhuthulira madziwo mu sinki, n'kubweza kapu imodzi m'kabati.